Chala cha Apongozi Anga

M'mawa uliwonse, asanamwe n'tiyi yemwe, apongozi anga ankaviika manja m'beseni la madzi ofunda. Akawatulutsa ankawapukuta bwinobwino, n'kudzola mafuta chala chimodzichimodzi, akukanda m'mfundo momwe munkapweteka. Ine ndinkakhala pakhonde ndikuyamwitsa mwana, n'kumangoyang'ana. Kufunsa sindinkafunsa. Ndinakwatiwa pakhomopo ndili wamanyazi, ndipo manyaziwo mpaka pano sanathe.

Ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mphete, ndolo ndi mikanda ya dayamondi. Anawalemba kuti azikolopa ndi kupukuta magalasi omwe zinthuzo zimakhalamo. Koma panali ntchito ina imene inangobwera yokha. Azibambo ambiri akabwera kudzagulira akazi awo mphete sankadziwa kukula kwa chala cha mkaziyo. Ndiye adona, eni sitolo, ankaitana apongozi kuti asiye chokolopera, adzaike dzanja pagalasi. Ankawaveka mphete, bamboyo n'kuyang'ana, n'kunena kuti cha mkazi wake n'chomwecho kapena n'chocheperako. Zala zawo zinali zazitali, zowongoka, moti mphete iliyonse inkawakhala. Atsikana ogulitsa ankawatcha Mayi Chala. Apongoziwo ankati anakwatiwapo ndi tauni yonse, koma palibe mwamuna ndi mmodzi yemwe amene anawagulirako sopo.

Madzulo akafika ankavula nsapato, n'kusanjika miyendo pampando, n'kumandiuza zomwe akanasankha zikanakhala zogawa. Zazikuluzikulu sankazikonda. Mkanda wolemera ankati uli ngati goli la ng'ombe, ndolo zazitali ankati mwana angakung'ambe nazo khutu. Mtima wawo unali pa kamphete kena kopyapyala, ka mwala umodzi waung'ono wokhala pakati pa timasamba tiwiri ta golide. Pambali pake panali kakhadi, ndipo mtsikana wina wogulitsa anawawerengera. Kanati mwalawo unachokera kumgodi komwe sagwiritsa ntchito ana, komanso okumba amapatsidwa nsapato ndi zipewa zolimba. Apongozi aamuna, omwe ine sindinawaone, anakumbapo m'migodi ali mnyamata, n'kubwerako ndi chifuwa chomwe chinadzawatenga. Za nsapatozo apongozi ankazibwereza kawirikawiri, ngati akudziuza okha.

Chaka chatha zala zinayamba kutupa ndi nyamakazi. Kuntchito anabisa. Adona anali atanenapo kale kuti wokolopa wachangu angamupeze tsiku lililonse pamsewu, koma dzanja lotere n'losowa. Apongozi ankadziwa kuti chowasunga pantchito n'chala, ndipo pakhomo pathu ntchito yokhazikika inali yawo yokhayo. Amuna anga amayendetsa galimoto za eni, pena apeza pena ayi.

Tsiku lina anaiwala mankhwala awo, ine n'kuwapititsira. Ndinaima pachitseko chakumbuyo mwana ali kumsana, kuopa kudetsa pomwe akolopa. Munali bambo wina wa taye, ndipo pa mphete zonse zija analoza kamphete ka timasamba. Adona anaitana. Ndinaona apongozi akupukuta dzanja pa epuloni mochedwa kuposa masiku onse. Kamphete kanaima pamfundo. Akanatha kunena kuti sikakulowa, koma analuma mlomo n'kukankha, kanalowa. Bambo uja anati n'kokongola, akatenga.

Kuvula kunakanika. Anayesa sopo, anayesa madzi ozizira. Wosula, mdala wokonza mphete m'kachipinda kakumbuyo, anakulunga chalacho ndi ulusi kuti chiphwe, koma chinangofufuma n'kuyamba kuda. Bambo uja anayang'ana wotchi.

"Nanga ndingowatenga amayiwa basi?" anatero.

Anaseka ndi mlonda yekha. Bamboyo anati abweranso, ndipo tonse tinadziwa kuti sabwera.

Wosula anati palibe kuchitira mwina, mphete idulidwe, apo ayi chala chiwonongeka. Apongozi anabisa dzanja kukhwapa.

"Adona, musaidule. Dikirani mpaka mawa, chiphwa chokha."

"Amayi, mphete singagone kunja kwa sitolo, ndipo inu simungagone muno."

Apongozi anakhala pampando wa wosula, nkhope atayang'anitsa kukhoma. Kudulako sikunamveke kwambiri, kunali ngati kuwenga chikhadabo. Ine mwana anayamba kulira, ndinapeza podzibisira, n'kutuluka naye panja.

Adona sanakalipe. Anati wosula ailumikiza, sizioneka n'komwe. Koma sabata itatha anauza apongozi kuti akula, akapume, ndipo anawapatsa nsalu ndi ketulo. Amuna anga anati apita kukawalankhula adonawo. Mayi awo anawaletsa, amvekere ndi galimoto yomwe alibe, ukali wokha ndiye ali nawo wodzaza lole.

Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhonde ndi mdzukulu wawo. Za mphete anasiya kukamba. Ndikawafunsa ngati akufuna tiyi kapena madzi osamba, ankati chilichonse. Nthawi yopita kuntchito ikakwana ankayang'ana kumsewu, anthu akuthamangira basi, kenako n'kugona pamphasa dzuwa lisanakwere n'komwe.

Dzulo ndinali kuchapa matewera kuseri kwa nyumba. Anabwera mwakachetechete, n'kutulutsa dzanja langa m'thovu. Analitembenuza uku ndi uku, akufinya mfundo iliyonse ngati akusankha tomato pamsika. Ndinachita manyazi, ndinafuna kulibweza, koma anagwiritsa.

"Matewerawa muziwasiya, ndizichapa ndine, manja anga awa anatha kale," anatero. "Mawa mundisiyire mwana, mupite kwa adona. Musakavutike n'kulankhula, poti inu kulankhula simutha. Mukangoika dzanjali pagalasi."