Ndulu ya ng'ona ya ku Seven Corners

Ine ng'ona ndimaidziwa, osati zongomva ayi. Zaka zanga zonse za mphamvu ndinathera m'madambo a Shire kumunsi kwa Chikwawa, ndipo zala ziwiri za dzanja langa lamanzere zinatsala komweko. Ng'ona ikagona pamchenga itayasamula sikuti ili ndi njala, ikudziziziritsa. Yaikazi ikaikira mazira sipita patali, ana akalira pansi imafukula n'kuwanyamula m'kamwa osawakanda n'komwe. Sukulu ndinalekera sitandade 2, koma pa ng'ona palibe angandiphunzitse.

Pano ndimakhala kutsidya kwa nyanja, m'tauni ya Greenbelt, m'nyumba yosanja, kwa mwana wanga wamkazi, nesi, mmodzi yekhayo amene ndinatsala naye. Chaka chimenecho anali woyembekezera.

Loweruka lina a kumpingo kwathu anakonza zokawotcha nyama kupaki. Mkamwini wanga anabwera kuchokera kusitolo ina ku Seven Corners ndi kaphukusi kozizira, akumwetulira ngati wapha njovu.

"Apongozi, lero mudya mnzanu wakale. Mchira wa aligeta!"

"Wa chiyani?"

"Ng'ona ya kuno, ya m'madambo akumwera uko."

Anandionetsa pafoni. Yakuda, mlomo wotambalala. Akuti chisa chake imaunjika udzu ndi matope m'malo mokumba mumchenga. Akutinso madzi akaundana ndi chisanu imangotulutsa mphuno kunja n'kukhala phee mpaka kufunde. Zimenezo sindinatsutse, ng'ona ndi yopirira kulikonse. Ine funso langa linali limodzi.

"Ndulu yake ili kuti?"

Kwathu ng'ona ikaphedwa, palibe amakhudza nyama ndulu isanachotsedwe anthu akuona. Timaitentha kapena kuimiza pakati pa mtsinje, mboni zilipo, chifukwa kadontho kake mumowa munthu safika madzulo. Wopha ng'ona n'kubisa ndulu, palibenso amamwa naye chikho chimodzi.

"Adadi, kuno zinthu amayeza," anatero mwana wanga, akuwerenga pakaphukusipo.

"Pepalalo lalemba amene anataya ndulu?"

"Ayi."

"Nanga ukundiwerengeranji?"

Ndinamukakamiza mkamwini kuimbira kusitoloko. Wogulitsayo ngakhale funso lenilenilo sanalimve, anangoti ngati nyama sitikuifuna tikabweze. Dziko lonseli la anthu ophunzira, oponya zinthu kumwezi, koma ndulu ya ng'ona palibe akuitsata!

Kupaki ndinaima pafupi ndi moto n'kuuza aliyense wobwera ndi mbale. Mawu anga ndi aakulu, ndinabadwa nawo. Mayi wina wa ku Lusaka anati, "Atate, mutiyofya chabe, nkalani pansi." Ena a madigiri awo ankandijambula pafoni akuseka. Mwana wanga anandikoka malaya.

"Adadi chonde, mukundichititsa manyazi."

Ndikutembenuka, ndinaona mkamwini akumupatsa iyeyo mbale yoyamba, mimba ili apo. Ndinalanda.

"Palibe alawe ine ndisanadye!"

Ndinatafuna zidutswa zitatu, n'kukakhala patsinde pa mtengo, chipewa pabondo, kudikira. Ndinaitana mkamwini, ndinamuuza pamene ndimasunga pasipoti, ndiponso kuti mtembo wanga asayerekeze kuuika m'dothi lozizirali. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mwana wanga yekha sanaseke.

Ola linatha. M'mimba muli zii. Nyamayonso yopanda pake, ngati nkhuku yogonera m'madzi.

"Mwaona apongozi? Mukadalipo!" anakuwa mkamwini, anthu n'kuwomba m'manja ngati ndapambana mpira.

Kukhalapo ndilipo, inde. Koma zimenezo zikungosonyeza kuti ndulu sinadonthere pamchira umenewo. Nanga nduluyo ili kuti? Ali nayo ndani? Ndinafunsa kawiri, onse ali kalikiliki kutafuna.

Mwana wanga anaitenga mbale ija, anaiyang'ana, n'kuikankhira kwa mwamuna wake. Anatola mwendo wa nkhuku.

"Ndi nseru chabe ya mimba," anatero osandiyang'ana. "Musaganize kuti ndi zanuzo."

Anene zimenezo. Mpaka lero kumpingo amanditchula kuti agogo a ndulu, ndipo ine ndimayankha mokweza kuti ndine amene. Mdzukulu wanga anabadwa ndi zala zonse khumi, ndinawerenga ndekha.