Wa Malaya Achikasu

Mundikhululukile, kulemba si kwanga. Koma lelo fungo la batile ya galimoto landikumbutsa kagolosale ka ku Nyimba komwe tinkasewela gemu pa TV yoyendela batile.

M'gemumo munali amuna atatu ofanana nkhope, osiyana malaya okha. Anyamata a m'tauni anawapatsa maina. Wofiila anali Salaula, wobiliwila Delele. Wachikasu, amene buluku linkamuvuka iye n'kugwela m'dzenje, anamutcha Wothawa, chifukwa makolo anga anathawa nkhondo ku Mozambiki.

"Iwe, m'bale wako uyo akukudikila," anatelo wamkulu wao. Onse anaseka.

Ndinasankha wachikasuyo.

"Inde, ni wanga. Mugwetseni tione."

Wothawa anakokela buluku m'mwamba, nalumpha dzenje loyamba.