Malungo a Kalaputopu ka Bambo Lorenso

Bambo Lorenso anadula nzimbe zaka makumi awiri ndi ziwiri, mpaka msana unawauza kuti basi. Atasiya ntchito ku esiteti ya nzimbeyo, mwana wawo Humphrey wa ku Joni anawatumizira kalaputopu, kukula kwake ngati buku la nyimbo la kutchalitchi. Kuyambira tsiku limenelo Nchalo yathu inapeza katswiri. Anaika tebulo pakhonde la golosale ina m'mbali mwa msewu waukulu, nalemba pakatoni kuti amataipa makalata a mtundu uliwonse. Ankataipadi, ndi zala ziwiri zozolowera chikwanje. Chilembo chilichonse ankachisaka ngati mbuzi yosochera, akachipeza n'kuchimenya kuti chisadzathawenso.

Kalaputopuko ankakalemekeza kuposa apongozi. Kankakhala pa katsamiro kakekake kosokedwa ndi telala, ndipo wofuna kukakhudza ankayamba wafunsidwa ngati wasamba m'manja.

Lolemba lina mu Okutobala, dzuwa la kuchigwa kuno litayamba kale kuwotcha anthu osalakwa, kunabwera Otilia. Mayiyu anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi akuthandiza mongodzipereka pa kachipatala kena, kukolopa ndi kuyeza ana pasikelo. Tsopano panatuluka mwayi wa ntchito yeniyeni, koma makalata ofunsira ankasiya kuwalandira 12 koloko tsiku lomwelo. Kalatayo inkafunika yotaipa, ya Chingerezi. Nthawi inali 10 koloko.

"Khalani pansi, mayi," anatero Bambo Lorenso. "Maola awiri? Ine ndingalembere Nchalo yonse."

Analemba adiresi. Analemba deti. Atangofika pa moni, kalaputopu kanangoti zii, kuthima.

"Katani, amalume?" anafunsa Otilia.

"Kakupuma. Zinthu za ku Joni zimayamba zaganiza."

Anakayatsanso, napeza adiresi ija yapita kwawo. Ulendo wachiwiri kanapirira mpaka pa dzina la Otilia, n'kuthimanso. Apa katswiri anayamba kafukufuku. Anazula chaja n'kubwezera. Anaimba mlandu magetsi, koma firiji ya m'golosale inali kulira bwinobwino kumbuyo kwawo. Anachotsa batire, naliyang'ana mwaukali kuti lichite manyazi, nalibwezera. Ezekiel wa kabaza, amene ankadikira makasitomala pamthunzi pomwepo, anagamula kuti ndi vairasi, poti foni ya mlamu wake inafanso chonchi, ngakhale ijayo inagwera mu Shire.

Kenako Bambo Lorenso anakagwira kunsi. Kanali moto.

"Ohoo, katentha thupi! Bwanji osanena?"

Anatulutsa thaulo lochindikala m'chikwama nakafunditsa mbali zonse, kusiya sikirini ndi mabatani okha, monga ankachitira ndi Humphrey akadwala malungo ali mwana. Kalaputopu kanathokoza chisamalirocho pothima mzere woyamba usanathe. Apa n'kuti 11 koloko itadutsa.

Otilia anaimirira. Ulemu anali nawo, koma unali utatsala wa pansi pa botolo.

"Amalume, mwana akatentha thupi mumamufunditsa?"

"Nanga timatani? Kuti atuluke thukuta."

"Ndiye ndinu amene timakukalipirani kusikelo tsiku ndi tsiku! Mwana wotentha timamuvula, apitidwe mphepo. Kanthu aka mukukapha ndinu."

"Mayi, za makompyuta ndi za kusikelo n'zosiyana."

"Chotsani thaulolo."

Sanadikirenso yankho. Anachotsa yekha thaulo, nakoka katsamiro, natembenuza kalaputopuko ndi manja osasamba, mwini wake akuona. Kunsi ndi m'mbali kunali timabowo totulukira mpweya, tonse totsekeka ndi zakuda bii. Linali phulusa lija limagwa ngati mvula akamawotcha minda ya nzimbe, lija limatidetsera zovala pachingwe. Munthu amene analipuma moyo wake wonse sanaganizepo kuti nako kali ndi mphuno.

"A Ezekiel, tabweretsani pampu ya njinga," anatero Otilia.

Ezekiel analoza pampu pa timabowo napopa ndi mphamvu zonse za m'mawa. Mtambo wakuda unatuluka n'kukatera pa shati yoyera ya katswiri, amene anali atawerama kuti ayang'anire ntchito. Otilia anatola zitsekerero zinayi za mabotolo, nakhazikapo kalaputopuko kuti mphepo izidutsa kunsi, iye n'kuima pambali kumakakupiza ndi katoni ija ya malonda.

Kanayaka. Kafani ka m'kati kanamveka kakuzungulira mosakhosomola. Mphindi zinadutsa, osathima.

"Ndimati ndichite zomwezi," anatero Bambo Lorenso, akuyetsemula zakuda.

"Taipani, amalume. Zala zonse ziwiri."

Anataipa monga sanataipirepo chibadwire, thukuta likulemba mizere pankhope ya phulusa. Chakumapeto anafuna kuwonjezera ndime yoyamikira abwana a chipatala pamodzi ndi banja lawo lonse, koma Otilia anangowayang'ana, ndimeyo n'kufera m'mutu momwemo. Kalata inasindikizidwa pa shopu ya tsidya la msewu patatsala mphindi khumi ndi zisanu. Otilia anadumphira pa kabaza, nafuula zikomo wa kuchigwa kuno, "Takhuta, amalume!" njinga ili kale pa liwiro.

Bambo Lorenso anatsala akuyang'ana wotchi. Kasitomala wina anabwera, iwo anamuuza kuti adikire kaye. Muvi unafika pa 12, unadutsa, iwo maso ali kumsewu. Patapita nthawi Ezekiel anatulukira yekha, akupalasa mwaulesi.

"Nanga?"

"Yalowa. Tinapeza mlembi akumanga kale mulu wa makalata, yathu n'kukhala yomaliza."

Bambo Lorenso anapumira m'mwamba, nakhala bwino pampando, chifuwa chikubwerera m'malo mwake.

"Munawauza kuti wataipa ndani?"

"Sanafunse," anatero Ezekiel, akuimika njinga pamthunzi. "Koma anzanga apasiteji ndawauza kale kuti kompyuta ya aliyense ikadwala azipita nayo kwa Otilia."