Shawa ya Lamulungu

Inali yoyera, yaikulu ngati mutu wa kabichi, nthambo zamagetsi zikulendewera kumbuyo kwake. Amalume anabwera nayo pa minibasi kuchokera ku Petauke, ataikulunga m'chitenje. Anati ndi shawa yotenthetsa yokha madzi.

Chisanu cha chaka chimenecho amayi anali atayamba kulephera kunyamula ndowa. Tinkakhala awiriwiri ku Nyimba, m'nyumba ya pamtunda, achibale aakazi onse ali ku Msanzala. Ine ndinali mwana wamwamuna, ndipo mwana wamwamuna sasambitsa mayi ake. Ndinkatenthetsa madzi pambaula n'kuwasiya pakhomo la bafa. Kuseri kwa chitseko ndinkamva kapu ikugunda ndowa, kenako zii, kenako kupuma kwawo kwa befu. Amayi sankafuna zambiri. Ankangofuna kusamba okha, popanda dzanja la munthu pathupi pawo.

Amalume anali munthu waphuma, wokonda kuyamikiridwa. Anaimangirira Lamulungu m'mawa, anthu onse ali kutchalitchi, mipopi ya m'boma monse ili chitsekere. Madzi anathovoka ndi mphamvu, nthunzi n'kudzaza bafa. Amalume anadziguguda pachifuwa, masana omwewo n'kukwera minibasi. Mpaka lero ndimakwiya ndikakumbukira kuti sanagone ngakhale usiku umodzi.

Lolemba shawa inangodontha. Chipangizocho sichiyaka madzi akakhala ofooka, ndipo kwathu kumtunda ankafika atatopa, am'munsi atatunga kale. Amayi ankakhala pakampando pansi pake, madontho ozizira akuwagwera pamsana, ine panja ndikumva mano awo akugundana.

Choncho anasiya kupita kutchalitchi. Belu likalira, msewu n'kuti zii, iwo ankalowa m'bafa. Ankatuluka akununkhira sopo, nkhope ili yowala, n'kukhala padzuwa. Azimayi akutchalitchi anayamba kunong'ona kuti matenda awataitsa chikhulupiriro. Aphunzitsi anga a Sande sukulu anandifunsa za iwo pagulu. Ndikanati chiyani, kuti amayi anga ali m'bafa?

Lamulungu lina mu Julaye, mphamvu ya madzi ilipo, amayi sanadzuke. Anandiitana pafupi ndi bedi.

"Yenda ukawauze amai a kuchalichi abwele lelo. Abwele na beseni."

Anabwera atatu, omwe aja onong'ona, atavala zoyera zawo. Ananditulutsa panja n'kutseka chitseko. Ndinamva madzi akukhuthukira m'beseni ndi nyimbo yotsitsa mawu. Mawu a amayi sindinawamvemo.

Ndinakhala pakhonde ndili wokondwa, ndikuganiza kuti ayanjana ndi anzawo ndipo aphunzitsi sadzandifunsanso. Sindinkadziwa kuti munthu ngati amayi akalola kusambitsidwa ndi manja a ena, ndiye kuti iye mwini wadziwa kale zimene adokotala sanatiuze.