Kapini Kotsala M'chitini

Njinga yamoto ija ndinaigula itatopa kale m'manja mwa anthu ena, koma ndinalumbira kuti makaniko sadzaigwira. Ine ndine wouma mutu. Ndikaonerera munthu akugwira ntchito kamodzi, ndimadziyesa katswiri. Tinkakhala ku Kanyama, mabanja asanu bwalo limodzi, ndipo mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Njingayo ndiyo inkamunyamula kupita kusikelo, chifukwa m'minibasi ankachita nseru.

Loweruka lina tayala lakumbuyo linaphwa, ndipo ndinachotsa gudumu pabwalo pomwepo. Nzeru yanga inali yakuti chilichonse chimene ndamasula ndichiike pansi pamzere, kuti pobwezera ndiyambire kumapeto. Mzere unatalika ndithu, manati, mawashala ndi tizitsulo tina tosadziwika dzina. Nditaona kuti guluu womatira chubu wauma, ndinathamangira kumsika.

Ndinaiwala za eni nyumba. Mayi aja, achikulire akwathu kum'mawa, sankapirira kuona kanthu pansi. Ankasesa m'mawa, ankasesa masana, mpaka bwalo kutsala ndi mizere ya tsache yokha. Pobwera ndinapeza pali mbee, zitsulo zanga zonse zili m'chitini cha mkaka pakhomo.

"Nakusungilani vinsimbi vanu, ba neba," anatero akumwetulira. "Vinali chabe mbwee pansi."

Munthu wamkulu amene wakuchitira chifundo ungamukalipire bwanji? Ndinaomba m'manja kuthokoza, mtima ukuwira. Kenaka ndinakhuthula chitini n'kuyamba kulota kuti ichi chinali apa, icho chinali apo. Dzuwa likupendeka gudumu linalowa, linazungulira bwino, buleki inagwira. M'chitini munatsala kapini kamodzi kadzimbiri, kamiyendo iwiri, kochepa ngati kamtengo ka machesi. Mkazi wanga anafunsa kuti nanga aka. Ndinamuuza kuti opanga njinga amaikamo zina zongodzazira malo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Lamlungu ndi Lolemba ndinayenda popanda vuto, ndipo ndinkayenda modzikuza. Lachiwiri linali tsiku la sikelo. Mkazi wanga anakwera pang'onopang'ono, n'kukhala chammbali monga mwa masiku onse, miyendo yonse kumanzere. Nditangoliza injini anandigwira phewa, akuti waiwala khadi la kukiliniki. Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti tsiku lina adzaiwala mwana pa benchi, ndiponso kuti ine ndatsogola kukathira petulo, akandipeze pamphambano. Anatsika n'kubwerera m'nyumba.

Msewu wathu ndi miyala yokhayokha, ndipo mvula inali itangokata. Ndikuyandikira mphambano, bambo wina wokankha wilibala ya makala anatulukira pakati pa nyumba. Ndinaponda buleki. Kumbuyo kunamveka phokoso la chitsulo, gudumu linauma gwa, njinga inatembenuka n'kugwera kumanzere, pamlomo wa simenti wa ngalande. Ine ndinapitirira mpaka m'madzi akuda aja, a mapepala ndi zonyansa zonse za komboni.

Woyamba kunditambasulira dzanja anali makaniko wa pansi pa mtengo, yemwe ndinkamudutsa tsiku ndi tsiku osamupatsa moni. Atadzutsa njinga anagwada n'kundionetsa chitsulo chogwira mbale ya buleki chikulendewera. Nati yake inali itamasuka ndi kugwedezeka kwa miyala n'kugwa panjira. Anandifunsa kuti kapini kotchinga natiyo kali kuti. Ndinati kali kunyumba, m'chitini. Sanaseke.

"Muyamike Mulungu, ba bosi, munali mweka."

Zoonadi, ndinali ndekha. Ndinayang'ana mbali ya kumanzere ya njinga. Chopondera cha wokwera kumbuyo chinali chitapindika mpaka kulowa mkati, pomwe paja pankakhala miyendo ya mkazi wanga. Ndinakhala pansi m'matope. Bondo linkatuluka magazi, chigongono chinasupuka, koma sindinamvepo ululu. Ndinali ndi chimwemwe chimene sindinachimvepo chibadwire, chosakanikirana ndi manyazi.

Ndipamene mkazi wanga anatulukira, akuyenda mwakachetechete, dzanja limodzi m'chiuno, lina litagwira khadi. Anaima, anayang'ana njinga, anayang'ana ine.

"Ni kaja kansimbi ka mu chitini?"

Ndinavomera ndi mutu. Anandipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, ndipo tinakwera minibasi, iye akulimbana ndi nseru, ine ndikununkha ngalande. Anamwino anayamba kutsuka bondo langa asanamuyeze iye. Mtima wa mwana unkagunda bwinobwino.

Njinga ndimakonzabe ndekha, kuuma mutu sikunathe. Koma zitsulo ndimaziyala pathumba m'nyumba, kutali ndi tsache, ndipo pakatsala kanthu ndimaikankha mpaka pansi pa mtengo uja. Mtsikana wathu tsopano amapita kusukulu. Amayi ake amaiwalabe zinthu, lero kiyi, mawa foni, titakwera kale. Ine ndimangozimitsa injini n'kudikira.