Nkhuku yaikira m'mbaula ya amayi

Boa tarde abale nonse.

Ndangochokera kwa amayi ku Ntengo-Wambalame. Mukukumbuka mbaula yadothi ija ndinawagulira kuti achepetse nkhuni ndi utsi? Ndinkawerengera kuti mtolo umodzi uziwakhalitsa, mitengo ya m'phiri ipumeko, nawonso asiye kutsokomola.

Lero ndaipeza kuseri kwa chitseko, nkhuku ikukhalira mazira momwemo! Amayi ali pamafuwa, utsi uli tolotolo. Mtima unandipsa, ndinayamba kuwalalatira za mitengo imene yatha ndi mvula imene yasokonekera.

Anangondigwira dzanja. Abale inu, zala zawo zinali zozizira ngati mwala wa mumtsinje, dzuwa lili paliwombo.

Kenako akuti, "Mwanawe, mbaula yakoyi imapsetsadi nyemba ndi nkhuni zochepa, koma moto wake suotheka. Chisanu cha Junyu chino ndichithawire kuti?"

Ine ndinawerengera nkhuni, chisanu cha kumeneko osachiwerengera.

Ndiye mukuti bwanji? Tiwapezere manta (bulangete) ndi kazaku (jekete) wochindikala kuti mbaula iyambenso ntchito, kapena tidikire kunja kutenthe? Nkhukuyo sindinaichotse ayi. M'nyumba monse muja, ndi yokhayo imene ikumva kufunda.