Malo a paphiri amene ndinagula kwa mkamwini mnzanga

Ndine telala. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinapalasa makina pakhonde la golosale ku Nkaya, ndipo zaka zomwezo ndinakhala kuchikamwini, kwawo kwa akazi anga m'mbali mwa Rivirivi. Ndayamba ndi za utelalazi kuti mudziwe kuti ndine munthu wa muyeso. Ndikati inchi, ndi inchi. Pa zimene muwerenge apa sindinawonjezere ngakhale kaulusi.

Kuchikamwiniko sindinazunzike, ndisaname. Ndinamanga nyumba ya njerwa zootcha, ndinadzala mango, ndinakumba chitsime. Alendo akabwera ndinkaima pakhomo, dzanja lina m'chiuno, lina likuloza: "Kuyambira pamtengo uwo mpaka kumtsinje." Ndinkalekera pomwepo. Kuti malowo ndi a yani, mlendo ankamaliza yekha mumtima mwake, ndipo ine sindinkamukonza.

Chimene chinandisokoneza mutu ndi maliro a panyumba yoyandikana nafe. Mayi wa m'nyumbamo anamwalira, nasiya mwamuna amene anakhala pamudzipo zaka zoposa zanga. Itakwana nthawi, abale a malemu anamusudzula mwaulemu wonse. Anamuphera nkhuku, anamuthokoza chifukwa cha ana ndi nyumba yamalata, kenako anamuuza kuti ndi womasuka kubwerera kwawo. Ndinamuona akudutsa pagolosale paja, katundu wa moyo wake wonse ali pakaliyala ya njinga: bulangeti, khasu ndi wailesi. Pakaliyalapo malo anatsalabe, moti ananyamulanso munthu wopita kusiteshoni. Tsiku limenelo ndinasoka kabudula wa sukulu wopanda potulukira miyendo. Mwini wake alipo, mukhoza kukamufunsa.

Ndinayamba kuganiza za ine mwini. Kwathu kwa amayi anga, achemwali ndi ana awo anagawana kale mpaka chulu. Malo otsala ndi kumanda kokha, ndipo nakonso ndamva kuti ayamba kupanikizana. Ndinatsimikiza mtima: ndigule malo anga, oti munthu asadzandiphererepo nkhuku yothokoza.

Akazi anga sindinawauze. Mungamuuze bwanji munthu wathanzi, wokuposani pa mzere wa khasu, kuti mukukonzekera imfa yake? Ndinangoti ndikukafuna nsalu zotchipa ku Ntaja.

Wogulitsa nsomba zouma wina, amene ndinkamuikira zigamba pathalauza lake, ndi amene anandiuza za mkulu wina wa cha ku Chikweo amene ankagulitsa malo paphiri. Ndinakwera minibasi ziwiri, kenako kabaza, ndipo pamene wakabaza anati njinga yake ili ndi ana oti ilere, ndinatsika n'kuyamba wapansi.

Mkuluyo ndinamupeza pakhonde. Anali wa ndevu zoyera, mkanjo woyera, kachisoti ka kumzikiti kali pamutu. Anandilonjera m'Chiyao, ine n'kuyankha m'Chichewa, ndipo tinamvana bwinobwino. Tinayamba kukwera.

Kutsetsereka kwa malo amenewo ndikuuzeni monga ndinakuonera. Anthu a m'munsi mwa phirilo sadzala maungu. Amangodikira kuti a kumtunda akhwime, maunguwo amabwera okha mpaka pakhomo. Nkhuku ikaikira dzira kumtunda, mwanapiye amaswera m'mudzi wina. Ine ndinakwera ndikuona zidendene za mkulu uja pamwamba pa mutu wanga njira yonse. Titafika, foni yanga inalira, uthenga wondilandira ku Mozambiki. Koma mphepo yake, ndi mmene maso ankafikira kutali kudutsa minda ya chinangwa ndi thonje mpaka kumadambo, mtima wanga unakhala pansi ine ndisanakhale.

Ndinatulutsa tepi yanga ya utelala kuti tiyeze. Mkuluyo anaseka.

"Achimwene, mukufuna kulisokera malaya phirili? Kuno sitiyeza, timaloza."

Anaima pamwala, dzanja lina m'chiuno, lina m'mwamba. "Kuyambira pamsuku uwo, kukafika pamwala wonga ng'ombe yogwada uwo, kutsetsereka mpaka kukhwawa."

Analekera pomwepo. Ine n'kumaliza ndekha mumtima mwanga.

Anthu amati munthu sagwa m'mbuna imene anakumba yekha. Ine ndinagwamo ndi miyendo yonse iwiri. Kaimidwe kameneko kanali kanga, kalozedwe kanga, ngakhale polekera pake panali panga. Ndinafunsa za madzi, za anyani, za njira ya ngolo. Funso limodzi lokha, limene mwana aliyense wa ku Machinga ndi ku Balaka akanayamba nalo, sindinafunse: kodi kuno ndi kwanu, kapena munangokwatirako?

Tinatsika n'kulemberana papepala long'amba m'kope. Mboni zinali amuna awiri amene tinawadzutsa pa bawo, ndipo mmodzi anasaina njere zili m'manja. Za chidindo cha amfumu, mkuluyo anati amfumu apita kumaliro, chidzadindidwa, inshala. Ndinapereka ndalama zanga, tinagwirana chanza.

Patapita masabata awiri ndinabwerera ndi zikhomo ndi chingwe. Ndinalemba nyumba yonse pansi: pabalaza, zipinda ziwiri, ndi khonde la makina anga. Ndinakhala pabalazapo n'kudya chinangwa chophika ngati bwana.

Mvula yoyamba itagwa ndinapitanso. Zikhomo zinalipo, chingwe chinalipo. Koma pabalaza panga panali mayi wina wachikulire, mpango kumutu, akubzala mitengo ya chinangwa. Anali atamaliza kale kuchipinda chogona.

"Zikomo amayi," ndinatero. "Mwina mwasochera. Muno ndi m'nyumba."

Anandiyang'ana, nayang'ana kumwamba kumene kunayenera kukhala denga. "Ikudontha nyumba yanu," anatero, n'kupitiriza kubzala.

Ndinatulutsa pepala lija. Sanaligwire. Anangofunsa kuti analemba ndani, ndipo nditafotokoza za ndevu ndi mkanjo, anaimika khasu.

"Amenewo ndi amuna anga. Anabwera kuno ndi mkeka umodzi ndi ketulo. Ketuloyo ilipo, ngati mukuifuna akugulitseni. Malo ano anali a amayi anga, iwonso anawasiyira ndi amayi awo. Inu kwanu n'kuti, kumene amagula munda kwa mkamwini?"

Ndinati ku Rivirivi.

"Kwanu, kapena kwa akazi anu?"

Ndinayamba kupinda pepala langa. Anagwedeza mutu ngati namwino amene wapeza matenda.

Ndinatsika phirilo mofulumira kuposa dzungu. Mkulu uja ndinamupeza pakhonde pomwe paja, koma tsopano pamwamba pake panali malata atsopano, owala moti nkhuku zinkayenda zitatsinzina.

"Bambo, bwanji simunandiuze kuti ndinu mkamwini?"

"Walahi, achimwene, simunafunse. Komanso malo ajawo palibe amene analimapo chibwerere ine. Ndimati sadziwa msanga." Anakanda ndevu. "Zaka makumi anayi ndikuloza phiri limeneli. Ndinafuna ndione ngati lingandimvere kamodzi kokha."

Ndinafuna kukwiya, koma mawu amenewo anali ngati anga omwe. Ndinakhala pansi. Anandipatsa tiyi wa m'ketulo ija.

Kunyumba ndinapeza akazi anga akusenda nandolo. Ndinakhala pamwala wapafupi n'kuulula zonse, kuyambira pa njinga ya mnansi wathu mpaka pa chinangwa cha kuchipinda chogona. Sanasiye kusenda.

"Ndiye mwaona kuti woyamba kufa ndine?"

"Iyayi, amayi, sindinatero."

"Ndi mchere umene mumathira m'ndiwo inuyo? Ndi shuga wa masupuni anayi?" Anakutumula lichero. "Ndimadabwa nsalu za ku Ntaja zosafika. Ndimati mwina kuli mkazi. Kani ndi phiri."

Kenako anati ndikagwire tambala wofiira uja ndipo ndisamuphe, chifukwa eni phiri aja ndi Asilamu, akazinga okha.

Loweruka tinanyamuka awiri, tambala ali m'dengu, ndi shuga ndi chitenje chatsopano chimene ndinapinda m'mphepete ndi manja anga. Titafika, akazi anga sanafunse za amuna aja, sanatchule pepala. Anagwada, nalonjera mayi mwini malo, napereka dengu, n'kulowa naye kuseri kwa nyumba. Anatumiza uthenga kwa mchimwene wa mayiyo, amene ndiye mwini mbumba, woyang'anira malo ndi ana a alongo ake. Ife akamwini awiri anatisiya pansi pa mtengo wa mango. Tinakhala pamenepo maola atatu. Mbuzi ina inabwera, inatinunkhiza, n'kuona kuti palibe cha nzeru, inapita.

Mwini mbumba atafika anatiitana. Anayamba ndi kunena kuti pepala langa ndi labwino kukulungira mtedza. Mayi uja anawonjezera kuti iye sanagulitse kanthu kwa munthu. Akazi anga anavomera zonse. Kenako anakweza maso.

"Koma malata awa ndi okongola, amayi."

"Zikomo."

"Ayi ndithu, ndi okongola. Geji yake yolimba. Mvula ya chaka chino simuimva n'komwe. Ife kwathu timafuna otere, koma bambo awa ndalama zawo anapita nazo ku Ntaja."

Anayamikira malata amenewo mpaka dzuwa linasuntha. Anayamikira misomali, anayamikira mtanda wa pamwamba. Mayi mwini malo anayang'ana denga lake, nayang'ana mwamuna wake, amene pa nthawiyo anali wotanganidwa kwambiri ndi chala chake chakuphazi. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni, n'kulankhula ndi mchimwene wake m'Chiyao mwachangu moti ndinangotolapo mawu oti telala.

Tinakweranso phiri, koma ulendo uno amayi eni malo patsogolo. Iwo sanaloze. Anayenda malire ndi mapazi, mwini mbumba akudzala zitsa za nkhadze m'makona. Apa mpamene ndinadziwa kuti theka la malo amene ndinalozeredwa linali la mng'ono wake wa mayiyo, ndipo mwala wonga ng'ombe uja eni ake ndi anyani, amene mpaka lero sanasainire aliyense. Malo amene anandipatsa anali ocheperapo, cham'munsi pang'ono, koma anali ndi pokhazikika poti dzira likhoza kugona, ndi kasupe amene mkulu uja sankamudziwa n'komwe, poti pa zaka makumi anayi sanatungepo madzi.

Titatsika, mwini mbumba anatulutsa pepala latsopano loti lipite kwa amfumu. Mayi uja analoza akazi anga.

"Lembani dzina la awa. Malo amasunga ndi mkazi. Amunawa mwawaona nokha."

Minibasi ziwiri, kabaza, ndalama za zaka zonse za kupalasa makina, kuti ndikakhalenso mkamwini pamwamba pa phiri. Ndinayamba kuona tambala wina akundidikira.

"Iyayi," anatero akazi anga. "Lembani la bambowa. Akhala mlendo kwathu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, sanagulitsepo ngakhale bango langa limodzi. Nanenso ndikufuna ndikalawe kukhala mlendo, ndione ngati kukoma."

Mayi uja anati akazi a ku Balaka ndi olimba mtima. Dzina linalembedwa langa, chidindo chinadindidwa Lolemba lake, amfumu atapezeka kuti sanapite kumaliro alionse chaka chimenecho.

Mu minibasi pobwerera ndinafuna kuthokoza, koma akazi anga anandidula.

"Musafulumire. Ine sindisamuka ngati mbuzi yogula. Mukapemphe chitengwa kwa achimwene anga, monga mwa mwambo."

Ndiye ine, munthu wa imvi, wa zidzukulu zinayi, ndinavala jekete, ndinanyamula nkhuku, n'kukagwada pamaso pa alamu anga kupempha kuti andilole kutenga mlongo wawo kupita naye kwathu. Alamuwo ndinawasokera yunifolomu yawo yoyamba ali ndi mamina. Anandisiya chogwada mpaka anamaliza kumvera mpira pawailesi. Kenako anafunsa ngati ndingathe kumusamala mwana wawoyo, poti sanazolowere kukhala kutali. Mwanayo anali pambali, akupukusa chimanga ndi manja onga a womanga njanji. Ndinalonjeza. Nkhuku imeneyo inali yachiwiri pa nkhani imodzi, ndipo zonse ziwiri ine sindinalaweko.

Njerwa tinaumbira pakasupe pomwepo. Mkulu wa mkanjo uja ndi amene ankayang'anira oumba, mosalipidwa, atalamulidwa kunyumba. Lero ndi mnzanga, ndipo mikanjo yake ndimasoka ndine. Makina anga ali pakhonde loyang'ana kumadambo. Makasitomala amafika akupuma wefuwefu, ndipo ena pofika pamwamba amakhala ataonda moti ndimawayezanso.

Nyumba ya ku Rivirivi mukukhala mwana wathu wamkazi ndi mwamuna wake, mnyamata waulemu amene wayamba kale kudzala mango.

Mwezi wathawu kunabwera alendo a kutchalitchi kudzationa. Ndili pamakina ndinamva akazi anga akuwatsogolera kumwala wa pakhomo. Ndinasuzumira. Anali ataima dzanja lina m'chiuno, lina m'mwamba.

"Kuyambira pankhadze iyo, kudutsa pakasupe, mpaka kukhwawa."

Analekera pomwepo. Alendo anagwedeza mitu, n'kumaliza okha mumtima mwawo. Pepala lili m'kabati ya makina, pansi pa mabatani. Ndinapitiriza kupalasa.